Chimene Amuna Anga Ankafuna

Amuna anga tidawapeza atakhala pakati pa mizere ya mbatatesi kudimba, khasu lili pambali, akuyang'ana dzanja lawo lamanja ngati la munthu wina. Udali mwezi wa Mayu, kuzizira kutangoyamba. Amene adabwera kudzandiitana ndi mayi wa dimba loyandikana ndi lathu, ndipo adati ndifulumire, abambo akukana kuyankhula. Ine m'njira ndinkaseka. Ndidati amenewo kukana sadziwa, mwina angotopa. Nditafika ndidaona pakamwa patapotokera mbali imodzi, malovu akutsikira pajekete, ndipo kuseka kudathera pomwepo.

Ndiyambe ndanena za kukanako, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Tidakwatirana titangobwerera kuchokera ku Dedza, kumene tonse tidathawira nkhondo tili achinyamata. Kuyambira nthawi imeneyo yankho la amuna anga lidali limodzi: chabwino. Ndikati chaka chino tidzale nyemba m'malo mwa fodya, chabwino. Ndikati denga la udzu latikwana, tigule malata, chabwino, m'mawa mwake ali panjinga ndi matumba a mbatatesi kulowera ku Kalomwe, kumsika wa pamalire. Ndikati mwana wathu wamkazi apitirize shikola ku Tete ngakhale abale akuti wakula akwatiwe, chabwino. Sadali aulesi, ayi ndithu. Munthu ankakankha njinga yolemedwa pachitunda akuimba mluzu, n'kubwerako madzulo atagulanso sopo amene ndidangomutchula podutsa. Amayi anzanga kumphakati, kagulu kathu ka mapemphero ka m'mudzi, ankandisirira. Ankati ndidatola mwamuna. Ine ndinkavomera, ndipo ndinkanyada nazo. Pakamwa panga ndi potentha, sindibisa, choncho ndinkaona kuti Mulungu adadziwa chimene ankachita potiphatikiza.

Kuchipatala ku Vila adati ndi trombozi, matenda aja opha ziwalo. Mbali yonse yamanja idali itafooka, kuyambira patsaya mpaka kuphazi. Mawu adabwerera pang'onopang'ono, olemera ngati a munthu amene ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Amene ankayang'anira zolimbitsa ziwalo adali enfermera, ndiye kuti namwino, wina wachitsikana wochokera kumunsi uko ku Beira, wamfupi, wamanja olimba. Chinyanja ankadziwa cha moni ndi cha kwezani mwendo basi, ndiye tinkamvana m'Chipwitikizi changa cha kwarta kalasi, kalasi yachinayi, chimene asisitere a kumishoni ku Lifidzi adandisiya nacho. Adandiphunzitsa kupinda mwendo ndi kuuwongola, kutsegula zala, kuwakhazika tsonga, kuwaimika. Tsiku lotuluka adandigwira pamkono n'kundiuza kuti miyezi yoyambirira ndiyo yofunika kuposa ina yonse. Mwendo ukasiyidwa umauma, ndipo ukauma palibe adzauwongolenso, adzakhala ogona mpaka kumanda. Zakumandazo ndawonjezera ine, koma ndi zimene ankatanthauza.

Titabwerera kumudzi ndidawayalira matiresi pansi pabalaza, pafupi ndi khomo, kuti kuwatulutsa padzuwa kusamavute. Ndidadula mitengo ya kalipito, bulugamu uja, ndidakumba maenje ndekha, n'kumanga mitanda iwiri yoyang'anana pabwalo monga enfermera adandilongosolera, yoti munthu azigwira uku ndi uku pophunzira kuyenda. M'mawa uliwonse dzuwa likangofunda ndinkati abambo, tiyeni kumitengo. Iwo, chabwino. Ndinkakoleka mkono wawo paphewa panga, kuwakoka mpaka pamenepo, kuwagwiritsa mtengo. Kwezani mwendo. Chabwino. Mwendo uli pomwepo. Ndikawerama kuunyamula ndi manja anga unkabwera osalimbana nane, wolemera ngati chipika chonyowa, ndipo ndikauika pansi unkakhala pamene ndauikapo. Nkhope yawo ili phee, maso ali kuphiri. Anthu opita kuchitsime ankaima kupereka moni wautali, ena mpaka kutula ndowa kuti aonerere bwino. Ndikatopa ndinkati tibwerere m'nyumba, iwo chabwino, wofanana ndendende ndi chabwino wa popita uja.

Patapita masabata angapo tidakwera chapa, minibasi ya kuno, kubwerera ku Vila kukaonedwanso. Enfermera adawagoneka pabedi, n'kuwauza kuti akankhe dzanja lake ndi phazi. Palibe chidachitika. Adawauzanso, ndipo adayamba kuwaseka, kuwanyoza mwanthabwala kuti mlimi wanji wolephera kukankha kamtsikana, mpaka phazi lidamukankha kamodzi mwamphamvu, iye n'kudzandira. Kenaka lidagonanso ngati silidachite kanthu. Adanditengera panja n'kunena kuti mphamvu m'mwendomo zilimo, zokwanira kuti munthu aimirire. Chosowa n'chimodzi.

"Falta vontade," adatero.

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Vontade ndi kufuna. Ankanena kuti amuna anga kufuna alibe.

Mtima udandipsa pomwepo. Ndidamufunsa mwanayo ngati adaonapo munthu wamkulu wokonda kusambitsidwa ndi mkazi wake ngati khanda, wokonda kukodzera m'chitini anthu akudutsa pazenera. Ndidamuuza kuti bambo amenewa sadakanepo ngakhale tsiku limodzi, ndikati tiyeni amati chabwino. Iye sadatsutse. Adangoti kuvomera ndi kwina, kufuna ndi kwina, ndipo mwendo sumva zapakamwa. Ndidalowanso m'chipindamo ndi mkwiyo wanga kuti ndimuonetse kuti akunama. Ndidawafunsa abambo pamaso pake ngati akufuna kuyenda. Adandiyang'ana ine, adayang'ana enfermera, n'kunena kuti monga mmene amayi anenera.

Tidakwera chapa kubwerera kumudzi. Mankhwala a magazi adatipatsa, a m'mawa ndi a madzulo, ndidawamanga pakona ya kapulana yanga, chitenje chimene ndidavala. Nanga kufunako ndikakutenga kuti? Kukadakhala kogulitsa pamsika wa Domwe ndikadagulitsa mbuzi tsiku lomwelo. Ndidakumbuka sisitere wina wa ku Lifidzi amene ankatilanda tsache akaona tikusesa ndi nkhope yokwinya. Ankati bwalo losesedwa ndi mtima wokana limayera koma wosesayo sayera, ndiye bola ukakhale pansi mpaka ufune. Ife tinkakakhala pansi mokondwa, n'kumanong'onezana kuti mzungu ameneyu mutu wake suyenda bwino. Tsopano ndili ndi imvi ndidayamba kukayika kuti wosayenda mutu adali ndani. Komabe bwalo likhoza kudikira mpaka wosesa afune, pamene mwendo sudikira.

Ndiye ndidayamba kufunafuna kufuna kwa munthu wina, ngati wofuna singano m'nkhokwe. Ndidayamba ndi kukalipa, poti ndi chida chimene ndili nacho pafupi. Junyu wa kuno amaluma, m'dimba mumagwa chisanu chopsereza masamba, ndipo abambo ankakonda kudzikulunga m'bulangete mpaka kumaso. Ndinkawavundukula n'kuwauza kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Iwo ankati n'zoona. Ndidayesa manyazi. Ndidatchula mdala wina wa kutsidya amene adadwala matenda omwewa koma amapita yekha ku Misa ndi ndodo. Iwo adati amenewo ndi amuna ndithu. Ndidayesa kunyengerera. Ndidapha nkhuku pakati pa sabata, ndidayankhula motsitsa ngati mkwatibwi wa dzulo, ndikuwasisita paphewa. Adandiyang'ana mwamantha n'kufunsa ngati kwagwa maliro. Tsiku lina ndidabisa chitini chija, ndati tione ngati sadzuka. Adapirira mpaka masana, kenaka adanyowetsa matiresi osanena kanthu, ndipo amene adalira pochapa ndine.

Anzawo a njinga a ku Kalomwe adabwera Lamulungu lina, ndidawaitana ndine. Adakhala pakhonde, akufotokoza za pamalire, wakuti adagwa ndi matumba pamlatho, wakuti adagula njinga yamoto ndipo tsopano sapereka moni. Adawauza abambo kuti malo awo akuwasungira, achire msanga. Abambo adaseka pamene ena akuseka, adathokoza aliyense, ndipo alendo atapita adandipempha kuti njinga yawo, imene idatsamira khoma la pabalaza, ndikaiike kwina. Ndidasangalala, ndati lero apempha kanthu. Nditaiika kukhitchini ndi pamene ndidazindikira kuti apempha kuti asamaione.

Ndidapita ngakhale kwa ansembe. Ndidawafunsa ngati pali pemphero lopatsa munthu kufuna. Adati Mulungu sathyola chitseko, amagogoda, ndipo munthu ayenera kutsegula yekha. Ndidati nanga wopanda mphamvu yotsegulira? Adati mphamvuyo amapereka ndi Mulungu yemweyo. Ndidati ndiye aipereke kaye. Adati amapereka kwa woifuna. Ndidawayang'ana, iwonso adandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti tonse awiri tidaona kuti tikuzungulira ngati mbuzi yapachingwe. Adandidalitsa, ndidapita.

Kenaka kudabwera alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa abambo, kuchokera cha ku Domwe, atatenga mankhwala a kwa sing'anga. Adati atemere mphini pabondo. Ndidati mapanga awiri avumbwitsa, tili kale ndi zakuchipatala, koma ndidalola, poti nanenso nzeru zidali zitandithera. Adatema, adapaka zakuda zija, abambo ali chabwino. Kudatuluka timagazi pang'ono, mwendo uli chomwecho.

Alamu adakhala nafe masiku angapo, akuonerera za kumitengo zija. Tsiku lina tikusenda mbatatesi kuseri kwa nyumba adatulutsa zakukhosi. Adati ndikuzunza mlongo wawo, ndikumuyanika pabwalo ngati chikopa cha mbuzi kuti mudzi wonse uzimuonerera. Ndidawafotokozera zimene enfermera adanena, zoti mwendo uli ndi mphamvu koma kufuna kulibe. Adaseka kuseka koipa.

"Mukufunafuna chinthu chimene mudachotsa nokha, alamu? Mudzi wonse ukudziwa kuti mwana wa amayi anga mudamudyetsa khuzumule. Ali mnyamata ameneyu ankakana mpaka bambo athu kuthyolera ndodo pamsana pake."

Khuzumule ndi mankhwala aja amati mkazi amathira m'ndiwo kuti mwamuna azingomvera ngati mwana. Ine mankhwala amenewo sindidawaonepo ndi maso anga, Mulungu ndi mboni. Ndidaponya mpeni m'beseni, ndidawayankha mawu amene sindingawalembe pano, ndipo m'mawa mwake adamanga katundu. Iwo adapita koma mawu awo adatsala. Za mankhwala zidali bodza lamkunkhuniza. Chimene chidandizunguza mutu ndi mnyamata wokana uja, chifukwa ine sindidamuonepo. Kodi adatsalira ku Dedza, m'misasa muja mmene anthu tinkangoima pamzere kulandira chimene wapatsidwa? Kodi ndi nkhondo idamuphunzitsa kuti wokana safika madzulo? Kapena adakumana ndi mkazi wofunira anthu awiri, n'kuona kuti kufuna kwake kulibe ntchito, n'kukusomeka kudenga ngati khasu lakale? Ndikagwira ganizo limodzi, lina linkanditsutsa. Ndipo ngati zaka zonsezi ankangovomera osafuna, ndiye malata aja adagula ndani, mwana adamuphunzitsa ndani? Ubwino umene ndinkanyadira kumphakati uja udali wa ndani? Ndinkawayang'ana akudya ndi dzanja lamanzere, ndikudzifunsa kuti kodi ine ndidakwatiwa ndi ndani.

Kuzizira kutayamba kutha, mphepo ya fumbi ija itayamba, masana ena ndidawakhazika pakhonde, msana utatsamira khoma. Ndidakhala pansi pambali pawo, osati kuwaimirira pamutu monga masiku onse. Ndidawauza kuti lero sindikufuna kumva chabwino, sindikufuna kumva monga mwanenera.

"Abambo, inuyo mukufuna chiyani?"

Nkhuku zidali zitakwera pamitengo ya pabwalo ija, ndipo iwo ankayang'ana kumeneko. Ndidadikira, chinthu chimene sindidazolowere. Kenaka adayankhula bwinobwino, mawu osalemera n'komwe.

"Ndikufuna kufa."

Oyankhula chinenero chathu akudziwa vuto la mawu amenewa. Timati mwana akufuna kulira pamene mwanayo sakulakalaka kulira, kungoti misozi yafika. Timati khoma likufuna kugumuka, dzuwa likufuna kulowa. Khoma lilibe mtima woti lifunire kanthu. Ndiye munthu akati ndikufuna kufa, mwina akuti imfa ndikuimva yayandikira, ndithandizeni. Mwinanso akuti ndisiyeni, mtima wanga wasankha zimenezo. Ndidawayang'ana kumaso kuti nkhope indiuze, koma theka la nkhopeyo silinkagwedezeka ndipo theka linalo linkayang'ana nkhuku. Kufunsa ndidaopa. Ine amene sindidaopepo kufunsa munthu chilichonse, ngakhale mfumu, tsiku limenelo ndidaopa. Pakuti akadati ndi chachiwiricho, ndiye kuti chinthu choyamba chimene amuna anga adafuna okha pamaso panga chidali kundisiya. Ndidangoti musamayankhule zopanda pake, n'kudzuka kukapirikitsa nkhuku.

M'mawa mwake ndidasankha tanthauzo lopepukirapo, ndidawakweza chapa. Ku Vila adawayeza magazi, adamvera mtima, adati palibe chatsopano choopsa. Ndidapita kwa enfermera uja kuti ndimufotokozere zimene abambo adanena, ndipo apa ndi pamene Chipwitikizi chidanditsekera njira. M'chinenero chimenecho mawu ndi awiri. Quer morrer ndi munthu wolakalaka kufa, vai morrer ndi munthu amene imfa ikumubwerera. Ndidayamba ndi loyambalo, ndidasintha, ndidabwereranso. Iye adandifunsa modekha kuti ndi liti mwa awiriwo, poti chithandizo chake n'chosiyana. Ndidati kwathu ndi liwu limodzi. Adati nanga iwowo ankatanthauza liti. Ndidati ndakalamba ndikufunda nawo bulangete limodzi koma sindikudziwa, ndipo ndidalira pamaso pa mwana wamng'ono ngati ameneyo.

Adaitana mnzake wodziwa Chinyanja, adakhala ndi abambo paokha, ine ndili panja pabenchi. Zimene adakambirana sadandiuze zonse, ndipo zimenezo zidandiwawanso. Adawonjezera timapiritsi tina, akuti ta maganizo. Potsazikana enfermera adati ndisasiye kupinda mwendo kuti usaume, komanso ndisawakakamize. Ndidamufunsa kuti ziwirizi zimatheka bwanji nthawi imodzi. Adakweza mapewa, adati nayenso sadziwa bwinobwino, munthu aliyense ndi wakewake. Chilungamo chakecho ndidachikonda, koma sichidandithandize.

Ndiye ndidasiya. Ndisanamize anthu kuti ndidasiya chifukwa cha nzeru, kapena kuti ndidatsata za sisitere uja. Ndidatopa, ndipo ndidakwiya. Ndidati mumtima, inu mukufuna kufa, ine ndikufuna kukolola nyemba zanga, aliyense afune zake. Kusamba ndinkawasambitsa, chakudya ndi mankhwala osaphonya, mwendo ndinkaupinda m'mawa mwamwambo chabe, osanenanso kuti kwezani. Za tiyeni kumitengo zidatha, ndipo mitengoyo ndidayamba kuyanikapo zovala. M'nyumba mudali zii ngati mwachoka anthu. Mwana wathu akaimba foni kuchokera ku Tete kufunsa ngati ababa akuyeserabe kuyenda, ndinkati tikuyesa, n'kufunsa za kutentha kwa kumeneko.

Koma manja sanama. Tsiku ndi tsiku ndinkamva bondo likulimba, phazi likuyamba kupindikira m'kati. Ndikamapita kudimba ndinkadziuza kuti ndikuwalumaza ndine ndi kuwasiyaku. Ndikabwerako n'kutsegula pakamwa kuti ndinene tiyeni, ndinkadziwiratu yankho lake, n'kutsekanso. Kuwakoka kudali kulakwa, kuwasiya kudalinso kulakwa, ndipo chachitatu sindinkachiona. Ku Misa ndinkagwada osadziwa choti ndipemphe, kaya kuti ayende, kaya kuti afune, kaya kuti ine ndileke kufuna. Iwo kukhala chete kwangako sadakufunse. Ankangonditsata ndi maso ndikamadutsa pabalaza ndi dengu, ndikatembenuka maso ali kudenga. Masiku ena ndikachokera kudimba ndinkapeza bulangete litakankhidwira kumapazi, matiresi atasuntha, iwo ali thukuta lokhalokha. Ndinkati ndi kutentha kwa nyengo ino, n'kuwapatsa madzi.

Nyemba za kudimba zidauma mwezi wa khumi, ndidazitutira pabwalo. Tsiku limenelo kudatentha kuyambira m'mawa, mitambo ikusonkhana kumapiri a ku Malawi osabweretsa kanthu. Ndidayala nyemba palona n'kuyamba kumenya ndi ndodo. Kumenya nyemba kumakoma munthu ukakhala ndi mkwiyo. Ndili pakati pa ntchitoyo, fumbi lili m'mphuno, ndidamva mawu kuchokera m'nyumba.

"Amayi. Ndikufuna kugwa."

Sindidatembenuke n'komwe. Ndidati ehe, zayambikanso zofunafuna zija. Ndidayankha mokweza, moti ngakhale a nyumba yoyandikana nafe adamva.

"Tsiku lija mumafuna kufa, lero mukufuna kugwa. Igwani, abambo, palibe wakuletsani."

Ndidapitiriza kumenya. Ndodo ili m'mwamba ndi pamene mutu wanga udayamba kugwira ntchito. Munthuyu ndamusiya atagona pamatiresi, matiresi ali pansi. Wogona pansi angagwere kuti?

Ndidataya ndodo, ndidaterereka panyemba, ndidadzuka, ndidathamanga. Ndidawapeza ataimirira. Adali atakwawa mpaka pakhomo la kuchipinda n'kudzikoka ndi dzanja lamanzere pamphuthu ya chitseko, ndipo adali njo, thukuta lili kamukamu, buluku litatsika m'chiuno. Mwendo wamanja uja unkanjenjemera ngati wa mwana wang'ombe wobadwa kumene, koma udali pansi, ukunyamula mwini wake. Ndidali nditaiwala kuti ndi aatali chotero. Ndidafika mochedwa pang'ono. Dzanja lidapulumuka pamphuthu, adandigwera, tonse awiri phi! pansi, chigongono changa pasimenti.

Tidakhala pomwepo tikupuma ngati ng'ombe zapangolo. Ndidawakalipira ndikulira. Ndidati mukadathyoka khosi ndikadawauza chiyani alongo anu, bwanji osandiitana poyamba, mwayamba liti zimenezi, mumati mupite kuti. Mpaka lero sindidziwa chimene chidawadzutsa, kaya ndi timapiritsi tija, kaya ndi kukhala chete kwanga, kaya ndi kukalipa kwa miyezi yonse ija kumene kudachedwa kufika, kaya adangotopa ndi kuyang'ana denga. Ndawafunsapo kangapo, amangoseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Nditapezako mpweya ndidapukuta maso ndi kapulana, ndidawagwira m'khwapa kuti ndiwakokere kumatiresi. Adaumitsa thupi. Dzanja lamanzere lija lidagwira mkono wanga mpaka kuwawa.

"Uko ayi," adatero. "Ndiimikeninso."

Ndidati mugwanso. Adati akudziwa.

Kunja mbuzi za eni ake zidali zitalowa m'nyemba zanga, ndinkazimva zikutafuna makoko. Ndidazisiya. Ndidalowetsa phewa m'khwapa mwawo, iwo n'kuponda pansi ndi phazi lija ine ndisananene kuti pondani.